Dikirani Ikhwime, Alamu

Kuno ku Lisasadzi munthu akamadzitama kuti fodya wake wasankhidwa bwino, pamapezeka wina womufunsa kuti, wasankha Lameki kodi? Anyamata ambiri amene amaponya mawu amenewa sadziwa n'komwe kuti a Lameki Mphepo ali moyo, ndipo amakhala pakhonde la nyumba ya njerwa zootcha kuseri kwa tchalitchi chathu. Ine ndimadziwa chifukwa ndi alamu anga. Anakwatira alongo anga aakulu, a Anesi. Maso amene anawapatsa dzina lonselo anazima ine ndikuonerera, ndipo ndikafuna kunena chilungamo, anazima ine ndikulankhula.

Ine ndine Levison. Ndine mwamuna ndekha m'mimba mwa amayi athu, choncho mbumba yonse ndi yanga, ndipo pakhomo la alongo anga mawu anga amalemera kuposa nzeru zanga. Zimenezi ndazidziwa mochedwa.

A Lameki kwawo n'ku Kapelula. Bambo awo anali tenanti pa esiteti ina, ndipo iwo anakulira m'zigafa, mmene timapachikamo fodya kuti aume. Sukulu anailekera sitandade fayifi. Atabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu analibe ng'ombe, analibe njinga, anali ndi mphasa ndi malaya awiri. Ine ndinawauza amayi kuti alongo anga atola munthu wopanda chilichonse. Chaka choyamba chomwecho munthu wopanda chilichonseyo anakhala pansi m'chigafa changa, natenga mulu wa fodya umene ine ndinali nditausankha kale, n'kuugawanso patatu. Ndinapsa mtima tsiku lonse. Koma mabelo a fodya ameneyo ndi amene anayamba kundigulira malata.

Kwa amene sanalimepo fodya, kusankha ndi ntchito iyi. Fodya akauma, tsamba lililonse liyenera kupita kwa anzake ofanana nalo kutalika, kukhuthala ndi mtundu. Ofananawo timawamanga m'timitolo totchedwa ndindi, ndindizo timazidinda m'belo, belo n'kupita ku okushoni. Kumeneko wogula amasolola ndindi imodzi kapena ziwiri. Akapeza tsamba lofiirira lagona ndi lachikasu, belo lonse limabwezedwa, ndipo thukuta la miyezi isanu ndi inayi limabwerera pa lole ngati mkazi wobwezedwa kwawo. Kutalika aliyense amakuona. Kukhuthala zala zimakumva. Koma mtundu umafuna diso, ndipo pamene ife tonse timaona mitundu iwiri kapena itatu, alamu anga ankaona isanu ndi iwiri.

Anali ndi malamulo awo ovuta. Ankakhala pakhomo la chigafa, pamene kuwala kumalowa koma dzuwa silimenya, ndipo dzuwa likangopendeka ankaimirira, n'kusasa thalauza, n'kumapita ngakhale mwini fodya agwade. Munthu wovala malaya ofiira ankamuthamangitsa, ati malayawo akupaka masamba utoto. Tsamba ankaliyala pabondo, n'kulisisita kamodzi, n'kuliponya pamulu wake osaliyang'ananso. Sankalankhula pa ntchito. Ine ndine munthu wa pakamwa, ndiye ndinkakhala pambali pawo n'kumawasereula kuti munthu wosatha kuwerenga kalata akuwerenga tsamba ngati Baibulo. Iwo ankangomwetulira, n'kunena kuti akanakhala kuti pakamwa pamasankha fodya, bwenzi ine ndili ndi esiteti.

Tsopano ndinene za diso langa, chifukwa mlandu wonse unachokera pamenepo. Chaka cha 2003 diso langa lakumanzere linayamba kuchita chifunga. Kunabwera anthu a za maso ndi galimoto yawo, naimika pasukulu ya pulaimale, ndipo mmodzi anandiunika ndi tochi. Anandiuza kuti ndi ng'ala koma ikadali yaing'ono, ndidzabwerenso ikakhwima. Mawu amenewo anandilowa mosavuta chifukwa ndi mawu a m'munda. Mlimi aliyense amadziwa kuti tsamba losakhwima ukalithyola limauma lobiriwira. Ndinadikira chaka chathunthu, diso linayera mbuu, ananditenga, anandichita opaleshoni, ndipo atachotsa bandeji ndinaona nyerere zikuyenda pazenera. Kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka dokotala wa maso wa m'mudzi muno. Aliyense wodandaula za diso ndinkamukoka zikope padzuwa n'kugamula. Anthu ankanditcha adokotala mondiseka, koma ine dzinalo ndinkalivala ngati jekete.

Kenako kunabwera makuponi a feteleza wotsika mtengo. Zaka zoyambirirazo kunkabweranso makuponi a feteleza wa fodya, ndipo aliyense anamanga chigafa, ngakhale amene sankadziwa kusoka masamba. Fodya anachuluka, osankha anachepa. Zimenezo zinali zaka za alamu anga. Anthu ankabwera kudzawatenga pa njinga kuchokera kwa Mwase, ena mpaka kwawo ku Kapelula, ndipo ankachita kulimbirana masiku. A Anesi ananenepa. Nyumba ya njerwa zootcha ija inamangidwa nthawi imeneyo. Ine ndinkayenda ndi chifuwa patsogolo ngati amene ndinawapeza ndine.

Mu 2007 belo langa linabwezedwa ku okushoni. Anati mitundu yasakanikirana. Ndinakalipira kalabu yathu ya alimi, ndinakalipira woyendetsa lole, ndinanena kuti wina wandisinthira belo panjira, pakuti fodya wosankha a Lameki sabwezedwa. Titalimasula, ndinaona ndekha ndi diso langa lokonzedwalo. M'ndindi imodzi munali masamba otuwa ndi achikasu pamodzi, kulakwitsa kumene ngakhale ine sindikanachita.

Alamu anga sanatsutse. Anandikokera kuseri kwa chigafa, kumene kunalibe munthu, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Alamu, masamba ayamba kufanana. Kutalika ndikukuona bwinobwino. Koma lachikasu ndi lotuwa, zonse zikungokhala chimodzimodzi."

Ndinawaimika padzuwa, ndinawakoka zikope, ndinasuzumira. Maso anali oyera bwino, pakati pali bii ngati a mwana. Munthu wanzeru akanadabwa kuti diso lopanda chifunga likulephera bwanji kuona. Ine sindinadabwe. Ndinawauza kuti imeneyo ndi ng'ala, yangoti ikadali yaing'ono moti sinayambe kuonekera, ndipo akapita kuchipatala panopa akangowabweza ngati belo lija.

"Dikirani ikhwime, alamu," ndinatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene wamutula katundu. Anandithokoza. Chimenechi ndi chimene chimandiwawa kwambiri, kuti munthu uja anandithokoza.

Panali munthu mmodzi amene anaona chimene ine sindinachione. Pamsika wathu pali sitolo ya a Sufiyan, kumene timagula ziguduli zodindira fodya, ulusi, masingano ndi zina za pakhomo. A Lameki ankakonda kupumirapo pochokera kosankha. A Sufiyan anazindikira kuti munthuyu akumwa madzi makapu anayi asanakhale n'komwe pansi, kenako akuthamangira kuseri, ndipo lamba wake waboolanso mabowo awiri atsopano. Mayi awo a Sufiyan anamwalira ndi matenda a shuga, ndipo nawonso anayamba ndi ludzu, kuwonda, kenako maso. Tsiku lina ine ndili pomwepo anawauza alamu anga, mwaulemu ndithu, kuti akayezetse shuga ku Boma.

Ine ndi a Sufiyan tinali ndi kachidani kathu ka pa bawo, chifukwa anali asanandilolepo kupambana ngakhale kamodzi. Komanso anali atalowa m'munda mwanga, pakuti dokotala wa maso ndinali ine. Ndinaseka mokweza kuti onse a pakhonde amve. Ndinati shuga ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu, oyenda pagalimoto, osati a mlimi wodya nkhwani. Ndinawonjezera kuti munthu wogulitsa shuga amaona shuga paliponse. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Sufiyan anangopinda chiguduli chimene anali nacho m'manja. Ndinapita kunyumba ndikumva kukoma kuti tsiku limenelo ndawadya.

Alongo anga sanaseke nawo. A Anesi ndi amene ankaona mtsuko wa madzi ukutha kawiri patsiku, ndi amene ankaona amuna awo akufufuza sopo amene ali patsogolo pawo. Mu Okutobala wa 2008 anakonza ulendo wa ku Boma, anachapa malaya, anapangana ndi wa njinga. Kutatsala tsiku limodzi kunamveka uthenga woti mawa kuli kalembera wa makuponi pabwalo la sukulu, ndipo amene sadzaonekera ndi nkhope yake sadzalembedwa. A Anesi anati dzina lidzalembedwa chaka china. Ine ndinapita pakhomopo ngati mwini mbumba, ndinakhala pampando, n'kufunsa ngati pakhomo pano pali nzeru. Ndinati ana a mlongo wanga asagone ndi njala chifukwa cha ng'ala yosakhwima. Ndinati ng'ala sithawa koma kuponi imathawa. A Lameki, pokhala mkamwini m'mudzi wa eni, anayang'ana pansi n'kuvomera kuti alamu akunena zoona.

Analembedwa. Kuponi analandira, ndipo chimanga chinachita bwino chaka chimenecho. Koma pambuyo pa kalembera panabwera mzere wa kudepoti, kumene tinaima masiku atatu kudikira feteleza. Pambuyo pa mzere panagwa mvula, tinawokera fodya, tinapalira, tinathyola, tinasoka, tinapachika. Pa fodya palibe mwezi umene munthu anganene kuti uno ndi wanga. Ulendo wa ku Boma unangokhala wa mwezi wamawa. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mwambi umenewo ndinkaudziwa bwino, koma ndinkaunenera anthu ena.

Alamu anga anabisa vuto lawo nyengo ziwiri. Ankapita kosankha ndi akazi awo, ati akuwaphunzitsa ntchito, chonsecho a Anesi ankawanong'oneza mitundu. Koma a Anesi ankaona mitundu itatu ngati ife tonse. Mabelo anayamba kubwerera, limodzi kwa uyu, awiri kwa uyo. Anthu sananene kanthu pamaso pawo, chifukwa ankawalemekeza. Njinga zinangosiya kubwera. Ndimakumbukira mmawa wina mu Epulo ndikudutsa pakhomo pawo, ndinawapeza atasamba, atavala malaya a ntchito, atakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Ndinawafunsa amene akuwadikira. Anati palibe, angokhala. Mwezi uliwonse ndinkawakoka zikope, ndipo nthawi zonse pakati pa diso panali bii. Ndinkangoti ng'ala yawoyi ndi yochedwa ngati mwini wake.

Mu 2010 anthu a za maso anabweranso pasukulu. Pamenepo alamu anga anali atayamba kuona timadontho takuda tikuyandama, ndipo diso lakumanja linkangoona mbali. Ine ndinasangalala. Ndinati tsopano yakhwima, ndipo ndinawatsogolera pamzere monyadira ngati munthu wonyamula dzungu lalikulu kupita nalo kuchionetsero. Ndinamuuziratu mkulu wa tochiyo kuti ndabweretsa ng'ala yokhwima, yazaka zitatu. Anaunika diso lina, anaunika linalo, anabwerezanso. Anati muno mulibe ng'ala. Anaitana mnzake, amene anawabaya pachala n'kudonthetsa magazi pa kamakina. Awiriwo anayang'ana kamakinako, kenako anayang'anana. Anafunsa ngati bamboyu wabwera woyenda yekha. Anatilembera kalata ya kuchipatala cha ku Boma kuti akayambe mankhwala a shuga tsiku lomwelo, ndi ina ya kuchipatala chachikulu ku Lilongwe.

Ku Lilongwe ndinawaperekeza ndine. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wa Chichewa chopendekera ku Chitumbuka, wosafulumira polankhula. Anawathira mankhwala m'maso, tinadikira, kenako anajambula m'kati mwa diso n'kutionetsa pa kompyuta. Chinali chinthu chozungulira, chofiirira ngati tsamba louma bwino, chokhala ndi mitsempha yakeyake. Koma ponseponse panali timadontho ta magazi ndi mawanga achikasu. Ndikanakhala wogula ku okushoni, tsamba limenelo ndikanalibweza.

Anawafunsa a Lameki ntchito imene amagwira, ndipo atamva anasiya cholembera n'kutembenuza mpando. Anatifotokozera pang'onopang'ono, ngati kuti tili ndi tsiku lonse. Anati ng'ala imagwira kutsogolo kwa diso, pagalasi pamene kuwala kumalowera, ndipo galasi limenelo amatha kulichotsa n'kuikapo lina. Koma kumbuyo kwenikweni kwa diso kuli kansalu kopyapyala kuposa tsamba la fodya, ndipo m'kansaluko muli maselo a mitsempha ochuluka zedi. Ena amalandira kuwala, ena amasiyanitsa mitundu, ena amatumiza nkhani ku ubongo. Kuti ntchito iyende, maselowa amatumizirana mauthenga kudzera m'timadzi tating'onoting'ono. Tina mwa timadziti ndi ta gulu la mahomoni. Tina timapangidwa m'diso momwemo, ndipo timathandiza kuti selo lina likweze mawu pamene lina likutsitsa. Tina timachokera kutali, monga insulini, amene amapangidwa m'kapamba n'kuyenda ndi magazi.

Ine ndinkadziwa kale, kuchokera ku Boma kuja, kuti insulini ndi amene amauza thupi kuti lilandire shuga wa m'magazi. Dokotalayo anati imeneyo si ntchito yake yokhayo. M'diso amanyamulanso uthenga wothandiza kuti maselo aja akhalebe ndi moyo. Matenda a shuga akakhalitsa osathandizidwa, amithenga ena amachepa, ena amafika koma samvedwanso. Maselo amayamba kufooka mwakachetechete, kunja diso likuoneka bwinobwino. Anati kwa anthu ena chizindikiro choyamba chimakhala chakuti mitundu yoyandikana yayamba kufanana, koma ambiri sazindikira chifukwa ntchito zawo sizifuna diso lotero. Pambuyo pake timitsempha ta magazi timayamba kuchucha, ndipo ndi zimene tinkaona pa chithunzicho.

A Lameki anamvetsera atapendeketsa mutu. Kenako anafunsa ngati zili ngati uthenga wa kalembera, woti ukapanda kufika pakhomo, pakhomopo salembedwa ngakhale feteleza atadzaza kudepoti. Dokotala anaseka pang'ono, n'kunena kuti wayesa kufotokozera ophunzira ake zaka zingapo koma sanapezepo fanizo labwino chotero. Kenako anafunsa kuti mitundu inayamba liti kufanana. A Lameki anati papita zaka zitatu. Dokotala anayang'ananso chithunzi chija. Anati diso lawo linawachenjeza msanga kuposa mmene limachenjezera anthu ambiri, ndipo shuga akanagwidwa nthawi imeneyo, mwayi wopulumutsa maso unali waukulu. Sanalonjeze kuti akanapulumuka ndithu. Anangoti mwayi unali waukulu.

"Nanga n'chifukwa chiyani simunabwere, bambo?"

"Ndinkadikira kuti ng'ala ikhwime."

"Anakuuzani ndani zimenezo?"

Ine ndinali pampando wa pambali, chipewa chili pabondo. Ndinkayembekezera kuti alamu anga andiloza chala.

"Ndinaganiza ndekha," anatero alamu anga.

Diso lakumanja linali litapita kale. Lakumanzere analiwotcha ndi makina a kuwala maulendo awiri kuti timitsempha tisiye kuchucha, ndipo linagwirako zaka ziwiri, kenako nalonso linatsala ndi zithunzithunzi. Lero amasiyanitsa usana ndi mdima, amadziwa kuti pakhomo paima munthu, basi. Insulini amene thupi lawo likuperewera amamulandira ndi jakisoni, ndipo a Anesi anaphunzira kubaya. Kabotolo kake amakasunga mumphika wadothi woikidwa mumchenga wonyowa kuti kasatenthe. Ludzu linatha, thupi linabwerera, lamba anabwerera pabowo lake lakale. Dokotala uja anatiuziratu kuti maselo amene anafa kale sadzukanso.

Alongo anga sanandibisire mawu. Titabwerako ku Lilongwe anandipeza pachitsime, anatula ndowa, n'kundiuza kuti amuna awo akhoza kunamiza dokotala koma iwo analipo tsiku la kalembera. Anati kuyambira lero, ndikafika pakhomo pawo ndizikhala pansi osati pampando. Papita zaka zinayi ndipo ndimakhaladi pansi. Kwa a Sufiyan ndinapita ndekha kukapepesa. Sananditonze, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kunditonza. Anangofunsa ngati mphika wa mankhwala uli pamthunzi, n'kundipatsa chiguduli chakale choti tizivundikira. Udokotala ndinausiya. Munthu akabwera kwa ine ndi diso, ndimamuuza kuti apite kuchipatala mawa lomwe, akayezetsenso shuga, ndipo akayamba za kalembera ndimamukalipira mpaka amathawa.

Koma alamu anga sanandinenepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akananditukwana, tikanakangana, ankhoswe akanakhala pansi, nkhani ikanatha. M'malo mwake amandilandira ndi nthabwala zomwe zija, amandifunsa za mvula, za mitengo ya ku okushoni, za amene walembedwa ndi amene wasiyidwa chaka chino. Ine ndimayankha, koma mumtima mumakhala mwala.

Ntchito sanaisiyiretu. Nyengo yosankha ikafika ndimawatenga pamkono kupita nawo kuchigafa changa, ndipo amakhala pakhomo pomwe paja, pamene kuwala kumalowa koma dzuwa silimenya, ngakhale kuwalako kulibenso nawo ntchito. Zala zawo zimasankha kutalika ndi kukhuthala mofulumira kuposa munthu aliyense wopenya. Akatero amakweza tsamba, ine n'kunena mtundu. Ndimaona mitundu itatu yanga yomwe ija. Anthu awiri tikugwira ntchito imene munthu mmodzi ankaigwira bwino kuposa ife.

Chaka chino mu Meyi tinakhala chimodzimodzi, mmawa, kunja kukuzizira. Anatenga tsamba lina, analiyala pabondo, analisisita, linalira ngati pepala. Analinunkhiza. Anati ili linapsera pamtengo, ndinalithyola mochedwa ndi sabata yathunthu. Ndinayamba kudziteteza monga mwa chizolowezi changa, ndinati mzere umenewo unali wobiriwira, ndiye ndinkadikira kuti ukhwime. Mawuwo atangotuluka ndinawamva.

Ndinaona kuti ndikapanda kufunsa tsiku limenelo sindidzafunsanso. Ndinawafunsa chifukwa chimene anamuuzira dokotala uja kuti anaganiza okha, chonsecho wolakwa anali pampando wa pambali.

Anapitiriza kusisita tsambalo kanthawi.

"Ku Lilongwe n'kutali, alamu. Ndikanakulozani chala, akanandigwira mkono pobwerera ndani? Munthu wosaona sakangana ndi ndodo yake."

Ndinati ndinawalakwira. Ndinanena momveka, kawiri, chifukwa ndinali ndisananenepo. Ndinati maso awo ndinawadya ndine ndi pakamwa pangapa. Sanakane, ndipo sanandiuze kuti palibe kanthu. Anangogwedeza mutu ngati mmene amachitira akapeza tsamba pamulu wake woyenera. Kenako anatenga tsamba lina n'kulikweza cha kumene kunali mawu anga.

"Ntchito ikudikira. Ili n'lotani, adokotala?"

Ndinayang'ana. Diso langa lokonzedwa lija, limene linaona nyerere pazenera, linali litadzaza misozi, ndipo tsambalo linkangosambira. Ndinapukuta ndi mkono wa malaya koma sizinathandize. Ndinawauza kuti sindikuona bwino, pachita chifunga.

Alamu anga anasiya tsambalo lili m'mwamba, akumwetulira ngati kale.

"Musadandaule, alamu," anatero. "Dikirani ikhwime."